Phala, mphasa ndi sikelo: mmene mwana amakulira pamaso pa mayi ake

Buku la kusikelo limasamalidwa bwino miyezi 9 yoyambirira. Mayi amalikutira ndi pulasitiki, amalisunga pansi pa zovala m'sutikesi, tsiku la sikelo likafika amalawirira kukagwira malo pa benchi. Mwana akangobayitsa katemera wa chikuku changu chija chimazirala, ndipo masamba otsala a bukulo amakhala osalembedwa mpaka tsiku limene mwana watentha thupi. Komatu miyezi imene anthu amayamba kujomba kusikeloyi ndi imene mwana amafunika diso kwambiri. Kuyambira miyezi 6 mpaka zaka ziwiri ndi pamene amakhala pansi, amakwawa, amamera mano, amaima dedede, amaitana "mama". Zokoma zambiri za pakhomo zimagwa m'nyengo imeneyi, ndipo ndi m'nyengo yomweyi pamene ana ambiri kuno amayamba kupinimbira mwakachetechete. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Ambiri mwa ana amenewa sagona ndi njala. Amadya, koma chimene amadyacho ndi chimene chili ndi vuto.

Miyezi 6 yoyambirira ntchito yake ndi imodzi: bere. Mwana wobadwa pa nthawi yake amalemera makilogalamu atatu, kuchepera kapena kupitirira pang'ono. Masiku oyamba amatsika thupi, nthawi zina mpaka gawo limodzi mwa magawo khumi, koma pofika sabata ziwiri amakhala atabwerera pa sikelo imene anabadwa nayo. Pa miyezi isanu amalemera kawiri sikelo ija, pa chaka katatu.

Dandaulo limene limamveka pakhomo paliponse ndi lakuti "mkaka wanga ndi wochepa, mwana sakukhuta". Musanathamangire phala, werengani matewera. Mwana amene akukodza kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira pa tsiku, mkodzo wosada, ndipo sikelo ikukwera, ndiye kuti akukhuta. Akamayamwa kasanu ndi katatu mpaka kakhumi ndi kawiri usana ndi usiku, sizikutanthauza kuti mkaka ukuchepa. Kamimba kake ndi kakang'ono. Pamene zimalakwika kawirikawiri ndi pa kagwiridwe ka bere. Kukamwa kukhale koyasama kwambiri, chibwano chikhudze bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja, ndipo mbali yaikulu ya malo akuda a bere ilowe m'kamwa. Akamangotsopa nsonga yokha, nsongayo imang'aluka, mayi amamva ululu, mwana amatopa asanakhute. China ndi kusinthasintha mabere msanga. Mkaka woyamba kutuluka ndi wamadzimadzi, wothetsa ludzu. Wamafuta, wonenepetsa, umabwera kumapeto. Musiyeni amalize bere limodzi mpaka alitaye yekha. Madzi safunika, ngakhale mu Okutobala ku Nsanje. Amene afunika kumwa madzi ambiri ndi mayiyo.

Amayi a pa ntchito amapanikizika pano, chifukwa tchuthi cha uchembere chimene lamulo la ntchito limapereka ndi sabata 8 zokha. Yambani kuzolowera kufinya mkaka kutatsala sabata ziwiri kuti mubwerere ku ntchito. Finyirani m'kapu yotsuka ndi madzi owira, yokhala ndi chivindikiro, ndipo iikidwe pamalo ozizira m'nyumba. Popanda filiji, usapitirire maola anayi nyengo yotentha. Wolera mwana amumwetse ndi kapu, pang'onopang'ono, atamukhazika. Botolo limavuta kutsuka, ndipo mwana wozolowera botolo amayamba kukana bere.

Kumwetulira koyamba kwenikweni, kuja koyang'ana nkhope yanu, kumabwera pa sabata 6 mpaka 8, nthawi yomweyo imene mumapita naye kokabayitsa pa ntchafu koyamba. Pobadwa amalandira BCG, katemera wa chifuwa chachikulu, pa mkono ndi madontho a poliyo. Pamalo a BCG pamatuluka kachilonda pakapita sabata zingapo. Musakafinye kapena kukapaka kanthu, kamauma kokha n'kusiya chipsera. Kenako ndi sabata 6, 10 ndi 14. Wa chikuku ndi pa miyezi 9, ndipo wachiwiri wake, amene amaiwalika kwambiri, ndi pa miyezi 15. Katemera wa malungo, amene Malawi anali dziko loyamba kumupereka kusikelo mu Epulo 2019, amabayidwa pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22 m'maboma amene anafikako, koma salowa m'malo mwa neti. Vitamini A ndi miyezi 6 iliyonse kuyambira pa miyezi 6 mpaka zaka zisanu, ndipo mankhwala a njoka za m'mimba amayamba mwana akakwanitsa chaka.

Pa tsiku la sikelo amayi ambiri amangomva nambala, "seveni poyinti thuu", n'kulandira buku n'kumapita. Nambala payokha sinena zambiri. Chofunika ndi mzere wolumikiza timadontho ta mwezi ndi mwezi. Mwana wochepa thupi amene mzere wake ukukwera ali bwino kuposa dunthu limene mzere wake wagona. Ukagona miyezi iwiri yotsatizana, funsani alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo, ngakhale pamzere pali anthu ambiri. Ukatsika, musadikire mwezi wamawa. Kalamba koyezera pamkono kali ndi mitundu itatu: kobiriwira, kachikasu kuyambira masentimita 11.5 mpaka 12.5, ndi kofiira pansi pa 11.5, pamene mwana amayamba kulandira chiponde. Kunyumba mungathe kuyeza chinthu chimodzi nokha: dinani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, werengani mpaka katatu. Pakatsala kadzenje mapazi onse, kumeneko si kunenepa, ndi kutupikana, ndipo ndi kwa kuchipatala lero lomwe.

Nkhani ya phala

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Pa miyezi 6 bere lokha silikwaniranso, ndipo phala loyamba limene ana ambiri amalandira ndi la ufa woyera, lamadzimadzi loti n'kumwera m'kapu, lothira mchere ndi shuga pang'ono. Mimba ya mwana wa miyezi 8 imalandira pafupifupi mamililita 200 nthawi imodzi, osadzaza ngakhale kapu ya tiyi. Mukaidzaza ndi phala lotere zili ngati kudzaza nkhokwe ndi makoko: yadzaza ndithu, koma chakudya mulibe. Mwana amagona, mimba ili tuu, mayi n'kumati wakhuta, koma sikelo yaima.

Muyeso wa phala labwino ndi supuni. Tapani phala, pendeketsani supuniyo. Likayenderera n'kugwa msanga, lachepa ufa. Lizikakamira kaye, n'kugwa mochedwa. Ufa wake ukhale mgaiwa, chifukwa pokonola ndi kuviika chimanga timataya gaga ndi mtima wa njere, mmene muli mafuta ndi zomanga thupi.

Ufa wa phala wosakaniza mungathe kupanga nokha pa muyeso wofanana ndi wa Likuni Phala: mbale zinayi za chimanga, mbale imodzi ya soya. Soya asankhidwe bwino, kenako akazingidwe pa moto wochepa mphindi 15 mpaka 20, mukutakasa osalekeza, mpaka asinthe mtundu pang'ono ndipo fungo lauwisi lithe. Soya wosakazinga amanunkha, ndiponso ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa mimba kugaya bwino chakudya. Ndiye amene amatupitsa ana mimba mpaka amayi n'kumati soya sakumuyanja. Mukapsereza, phala limawawa. Akazizira, mupukuseni, petani makoko, sakanizani ndi chimanga, pitani kuchigayo. Musagayitse wambiri. Ufa wa soya ndi wa mtedza uli ndi mafuta, ndipo ukakhalitsa umayamba fungo; wa mwezi umodzi ndi wokwana, m'ndowa youma yotseka bwino. Pophika, kapu imodzi ya ufa ku makapu atatu a madzi, ndipo libwate mphindi zosachepera 15.

Mtedza wa nsinjiro musankhe ndi maso anu. Wofota, wakuda, wobooka ndi wowawa utayidwe kudzala, osati kusinjira mwana poti ndi wotsala pogulitsa. Chuku cha mtedza ndi chimanga chili ndi poizoni amene satha ndi moto, amawononga chiwindi, ndipo amagwirizana ndi kupinimbira. Nsinjiro zogula zosinjasinja pamsika simudziwa kuti munalowa mtedza wotani.

Kuchuluka kwake kuli motere. Pa miyezi 6 yambani ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu, kawiri pa tsiku, atayamwa kale. Onjezerani pang'onopang'ono kuti pofika miyezi 8 azimaliza theka la kapu ya mamililita 250, kawiri kapena katatu. Kuyambira miyezi 9 mpaka 11, theka la kapu katatu kapena kanayi, ndi kachipatso pakati. Akakwanitsa chaka, magawo atatu mwa anayi a kapu mpaka kapu yodzaza, katatu kapena kanayi, ndipo tsopano akudya za pa mphika wa banja. Bere likupitirirabe nthawi yonseyi.

M'phala lililonse mulowe chinthu china chowonjezera. Lero supuni yaikulu ya nsinjiro, mawa supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, mkuja dzira lomenyera m'phala likubwata mpaka lipse. Bonya kapena usipa wouma mukazinge pang'ono, sinjani, sefani, sungani m'botolo. Supuni imodzi m'phala imapereka zolimbitsa mafupa ndi zowonjezera magazi zimene chimanga sichingapereke, pa mtengo woti banja lililonse lingayesetse. Bonongwe, nkhwani, khwanya kapena chisoso zophika ndi kupota zimalowa bwino m'phala. Peyala lopota ndi chakudya cha mwana chokonzeka kale. Mbatata yofiira mkati, ngati Kadyaubwerere, Zondeni kapena Chipika, ndi papaya ndi mango, zimapereka vitamini A. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amaimbidwa kusikelo aja safuna kuti onse akhale m'mbale imodzi. Akwane pofika madzulo. Uchi udikire mpaka chaka chikwane. Tiyi, Sobo ndi tizakudya ta m'mapaketi ta pa okala zimangotseka malo a chakudya, ndipo tiyi amalepheretsa thupi kutenga zowonjezera magazi.

Mwana akayamba nsima pamabwera vuto lina: msuzi. Amamunyemera kambamu, kuviika mu msuzi, basi. Nyemba, nsomba ndi nyama zenizenizo zimapita kwa akuluakulu poti "mwana alibe mano". Zomanga thupi zili m'ndiwo, osati m'madzi ake. Potani nyemba, chotsani minga ya nsomba, nyenyani chiwindi cha nkhuku. Ndipo akhale ndi mbale yakeyake. Mwana wa chaka akamadyera limodzi ndi achimwene ake a zaka zisanu ndi ziwiri, nsima imatha iye akadali pa mbamu yachiwiri, ndipo palibe amene adziwe kuti wadya zochuluka bwanji.

Kudyetsa kotsekera mwana pakati pa miyendo, phala pa chikhatho, mphuno itatsinidwa, ndikudana nako poyera. Phala limatha kulowera kunjira ya mpweya, mwana n'kutsamwa kapena kudwala chibayo, ndipo amaphunzira kuti nthawi ya chakudya ndi nkhondo. Mukhazikeni moyang'anana nanu, mupatseni supuni yakeyake kuti azigogoda nayo, dikirani ayasame yekha. Chakudya chatsopano akachilavula, si kuti wachikana mpaka kale. Ena amafuna kulawa kasanu ndi katatu kapena kakhumi, masiku osiyana, asanachilandire. Nkhope imene amapanga polawa peyala koyamba ndi chimodzi mwa zinthu zimene banja limaseka nazo sabata yathunthu, ndiye bambo ake asaphonye. Akafika pa miyezi 9 amayamba kutola ndi zala ziwiri. Mudulireni tizidutswa ta nthochi kapena mbatata yofewa. Adzipaka mpaka m'makutu. Musiyeni, madzi alipo.

Phala la m'mawa losunga m'fulasiki kuti lidyedwe masana ndi gwero la kutsekula m'mimba kumene timanamizira mano. Chakudya chophika chikakhala maola opitirira awiri chili chofunda, tizilombo timaswana. Phikani lochepa, kapena libwatitseninso mpaka lichite thovu.

Kutsika kumsana

Kumsana ndi malo abwino: mwana amamva kutentha kwa mayi, amagona, ntchito imayenda. Koma khosi, msana ndi manja zimalimba pa mphasa. Kuyambira sabata zoyambirira, ali maso ndipo inu muli pomwepo, mugonekeni chafufumimba mphindi zochepa kangapo pa tsiku. Pogona tulo pokha ndiye agone chagada. Pa miyezi itatu kapena inayi amaimika mutu, pakati pa miyezi 6 ndi 8 ambiri amakhala okha, kenako kukwawa. Ena sakwawa n'komwe, amangokhwekhwereza matako, ndipo palibe cholakwika. Kuyenda kumabwera paliponse kuyambira miyezi 9 mpaka 18, ndiye wa aneba akayenda pa miyezi khumi wanu akadali kugwirira mipando, musataye tulo. Zofunika kukaonetsa ndi izi: mwana wa miyezi 9 amene sakhala yekha, wa miyezi 18 amene sayenda, wolobodoka kapena wouma thupi kwambiri, ndi amene wasiya kuchita zimene ankachita kale. Kampando ka matayala koyendetsera ana sikafulumizitsa kuyenda, kamangomufikitsa msanga pa mbaula.

Tsiku limene wayamba kukwawa, gwadani pansi muone nyumba yanu mmene akuionera iye. Mbaula ili pakhonde, mphika wa nyemba uli pamafuwa, ketulo ya tiyi ili pamphepete pa tebulo pamwamba pa nsalu yolendewera. Ndowa ya madzi ochapira, ngakhale ili ndi madzi ofika m'kakolo, ndi yokwana kumiza mwana amene wagweramo chamutu. Parafini wa m'botolo la Fanta, mankhwala a makoswe, mankhwala othira m'chimanga ndi mapiritsi a agogo zikwere pamwamba pofika akuluakulu okha. Akapsa, thirani madzi ozizira oyera pamalopo mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, pitani kuchipatala. Dzira, mankhwala otsukira mano, ufa ndi mafuta zimangosunga kutentha ndi kulowetsa tizilombo. Akamwa parafini musamusanzitse, chifukwa pobwerera amalowa m'mapapo.

Mano oyamba, awiri am'munsi kutsogolo, amatuluka pakati pa miyezi 6 ndi 10, ndipo pofika zaka zitatu onse 20 amakhala atakwana. Kumera mano kumabweretsa dovu, kuluma chilichonse ndi kulira usiku. Sikubweretsa kutentha thupi kwambiri kapena kutsekula m'mimba kwa masiku atatu. Zimangokumana, chifukwa nthawi yomweyo mwana akukwawa m'dothi ndi kuika m'kamwa chilichonse chimene watola, kuphatikizapo zitosi za nkhuku. Kunena kuti "ndi mano" kwachedwetsa ana ambiri a malungo kufika kuchipatala.

Akatsekula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard. Wosakwana zaka ziwiri amwe kotala mpaka theka la kapu nthawi iliyonse akachita chimbudzi, ndi supuni, pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi khumi, yambiraninso. Mapiritsi a zinki amwe masiku onse khumi ngakhale kutsekula kutasiya pa tsiku lachitatu. Bere ndi chakudya zisaime. Liwombo likalowa mkati, thupi latha madzi. Chofunika ndi madzi olowa m'kamwa, osati mankhwala omata pamutu. Liwombolo limatsekeka lokha mwana akamayandikira chaka ndi theka. Za chifuwa, werengani kapumidwe kwa mphindi yathunthu ali phee: kupuma ka 50 kapena kupitirira kwa wa miyezi iwiri mpaka chaka, ndi ka 40 kapena kupitirira kwa wa chaka mpaka zaka zisanu, ndi chizindikiro cha chibayo. Kukomoka, kusanza chilichonse, kukana bere ndi kufooka kosadzutsika sizidikira kuti kuche. Akachira, muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa sabata ziwiri kuti abweze thupi; apa ndi pamene mzere wa m'buku uja umagwera ngati palibe wolabadira.

Kulankhula kumayamba kale mawu asanamveke. Pa miyezi 6 mpaka 9 amabwebweta "bababa", "mamama", ndipo bambo ndi mayi amalimbirana kuti waitana ndani. Mawu oyamba a tanthauzo amabwera cha pa chaka, ndipo pa zaka ziwiri amalumikiza awiri: "madzi mama", "galu uyo". Chimene chimakulitsa chilankhulo ndi kuyankhidwa. Mukamasenda mbatata muuzeni kuti mukusenda mbatata. Akaloza nkhuku, tchulani, muonjezere kuti ikudya chimanga. Akati "mazi", musamuseke kapena kumubwereza molakwika momwemo, ingoyankhani kuti "ukufuna madzi? Nawa madzi." Foni siyankha. A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse amati wosakwana zaka ziwiri asamaonere kanema, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku. Ndikudziwa kuti foni imagula mphindi khumi zoti nsima ipse, koma zitini zopanda kanthu ndi chikombe zimagulanso mphindi zomwezo. Zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana. Agogo alankhule Chiyao, Chitumbuka kapena Chilomwe chawo momasuka, adzasiyanitsa yekha. Ndipo makolo amene amalankhula ndi mwana Chingerezi chokhachokha chimene iwonso amachita kusakasaka amamumana mawu ambiri amene akanamupatsa m'Chichewa. Mwana amene satembenukira phokoso pa miyezi 6, amene alibe liwu ndi limodzi lomwe pa miyezi 18, kapena amene khutu lake limatuluka mafinya, akapimidwe makutu.

Kuletsa kuyamwa kuchitike pa zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo kutenge sabata zingapo. Chotsani kuyamwa kwa masana kaye, kumodzikumodzi, m'malo mwake chakudya ndi masewera. Kwa usiku kumathera kumapeto. Kupaka tsabola ku bere, kapena kumutumiza kwa agogo kumudzi tsiku limodzi, kumamulanda bere ndi mayi nthawi imodzi. Mwana wotere amanyanyala chakudya, ndipo miyezi iwiri kapena itatu kutsogolo ndi amene timamuona tsitsi litafiira, mapazi atatupa. Mayi akaima mwana akadali ku bere, mkaka wake susanduka poizoni. Chimene chimadwalitsa mwana wotumbizidwa ndi kumuchotsa ku bere mwadzidzidzi. Mayiyo apitirize kuyamwitsa, iye mwini azidya mowonjezera, ndipo akauze anamwino kusikelo ya amayi oyembekezera.

Zaka ziwiri mpaka zitatu ndi za "ayi" ndi "ndekha". Amafuna kuvala yekha nsapato, mosemphanitsa. Amadzigwetsa pansi pamsika chifukwa cha chitumbuwa. Si mwano, ndi mutu umene wayamba kufuna zinthu mawu asanakwane. Kumupatsa zosankha ziwiri, malaya ofiira kapena obiriwira, kumathetsa mikangano yambiri kuposa kabango. Poti kapena chimbudzi amaphunzira akayamba kukhala wouma maola awiri ndi kunena yekha kuti wanyowa. Kukodza pogona mpaka zaka zisanu si matenda, ndipo kumuyalutsa pamaso pa anzake kumangotalikitsa vutolo. Ngati wa zaka zakusukulu mkodzo wake uli ndi magazi, makamaka kumadera a kunyanja ndi kumadambo, ndi likodzo, mankhwala ake alipo.

M'zaka zimenezi mwana amafuna kuthandiza, ndipo ndi pamene timamuthamangitsa poti akuchedwetsa. Wa zaka zitatu angathe kutola nyemba zogwa, kunyamula kapu yake kupita nayo kotsukira, kuwaza chimanga kwa nkhuku. Wa zaka zisanu angathe kusesa khonde, kuthirira mbewu ndi kachitini, kupinda zovala zake. Mnyamata ndi mtsikana chimodzimodzi. Asesa mosiya zinyalala pakati, inde. Musabwereze iye akuona. Masanje, phada, fulaye, chibisalirano ndi galimoto zamawaya si kutaya nthawi. Pa phada akuwerenga ndi kulimbitsa zala zimene zidzagwire pensulo, ndipo pa masanje mudzamva mawu anu enieni akutuluka m'kamwa mwa "mayi" wa zaka zinayi akukalipira chidole cha chitsononkho. Madzulo magetsi akazima, "padangotero" mmodzi ndi "tili tonse" wake amaphunzitsa kumvetsera nkhani kuyambira poyamba mpaka pothera, luso limene aphunzitsi a Sitandade 1 amalisowa mwa ana ambiri.

Posankha sukulu ya mkombaphala, kaya ndi yolipira ya m'tauni kaya ya mmera mpoyamba ya m'mudzi, musatengeke ndi yunifolomu kapena kuti ana akuloweza Chingerezi. Pitani nthawi ya phala mosadziwitsa. Onani ngati pali madzi ndi sopo, ngati chimbudzi chili choti mwana wamng'ono sangagweremo, ngati mlezi mmodzi sakulimbana ndi chigulu cha ana yekha, ndiponso ngati ana akuimba ndi kusewera kapena angokhala ndwii kukopera pa bolodi. Wa zaka zitatu sayenera kubwera ndi ntchito yolemba kunyumba.

Sitandade 1 ndi pa zaka 6. Kale aphunzitsi ankayeza pomuuza mwana kuti adutsitse dzanja pamutu n'kugwira khutu la mbali inayo; lero kalata ya kubadwa ndi buku la kusikelo lija ndi zimene zimanena zaka. Kumulowetsa pa zaka zinayi poti ndi wochenjera kumathera kubwereza kalasi, m'chipinda cha ana ochuluka momwe mphunzitsi sangamudikire. Chimene afunika kudziwa polowa si kulemba ziganizo. Adziwe dzina lake lonse, la makolo ake ndi la kumene amakhala. Azitha kupita kuchimbudzi yekha ndi kusamba m'manja. Azitha kupempha chimene akufuna kwa munthu wamkulu amene si mayi ake. Adye asanapite, ngakhale kusukuluko kuli phala, chifukwa limatha kuchedwa kapena kusowa.

Chaka chomwecho mano akutsogolo amayamba kugwedera, ndipo chithunzi cha mwana wa magweru atavala yunifolomu yomukulira ndi choyenera kujambula. Pali dzino limodzi limene makolo ambiri saliona. Cha pa zaka 6, kumapeto kwenikweni kwa nsagwada, kumbuyo kwa mano onse a ubwana, kumamera dzino lalikulu lotafunira popanda dzino lililonse kuguluka. Poti palibe chimene chachoka, anthu amaliyesa la ubwana loti lidzagwa, n'kulisiya libooke ndi maswiti ndi mafilizi a pageti pa sukulu. Limenelo ndi la moyo wonse, ndipo alipo anayi, awiri kumwamba, awiri kumunsi. Mwana wa zaka zimenezi sanafike potsuka bwino yekha. Kawiri pa tsiku, makamaka pogona, mankhwala otsukira mano ochuluka ngati njere ya nandolo, alavule koma asachukuche ndi madzi, ndipo inu mubwereze kumbuyoko ndi dzanja lanu mpaka atakwanitsa zaka 7 kapena 8.